Kyutekisi pa Tsamba la Tirigu

Fotini anawaona bambo ake m'galasi asanawaone pakhomo. Anali atawerama pa zala za kasitomala, kabulashi kali m'manja, ndipo atakweza maso anaona munthu wamkulu ataima panja pa saluni, chipewa chili pachifuwa, akuyang'anitsitsa chithunzi cha masitayilo a tsitsi ngati akufuna kusankhapo imodzi. Chitsegulireni saluniyo, bambo akewo anali asanapondemo phazi. Akamadutsa mumsewumo ankayenda tsidya linalo, maso ali pa mitengo, ngati mwana wawo akugulitsa zoletsedwa.

"Alendo anu awo," anatero kasitomalayo, mayi wogulitsa nsalu amene ankabwera kawirikawiri, theka kudzakonzetsa zikhadabo, theka kudzamva nkhani. "Akufuna kulukidwa kapena? Koma tsitsi lake lili kuti?"

"Ndi bambo anga."

"Pepani," anatero mayiyo, koma mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Fotini anabweza kabulashi m'botolo n'kupita pakhomo. Anawapatsa moni, nawauza kuti alowe.

"Nsapato zanga zili ndi matope," anatero bambo ake. Nsapatozo zinali zopolishidwa moti munthu akanatha kudzionerapo nkhope. Anasuzumira uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. "Ndikufuna kyutekisi. Wopanda mtundu uja, wooneka ngati madzi."

"Madalawa akudziwa zinthu," anatero wa nsalu ali mkati, chifukwa makutu ake sankadziwa malire.

Dzina loti Fotini anamupatsa ndi bambo akewo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pamalo ofufuzira mbewu, ndipo mbewu yawo inali imodzi basi, tirigu. Ana a eni ake akamaphunzira nyimbo, a m'nyumba imeneyo ankaphunzira kuti thupi la chamoyo chilichonse linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo lililonse muli tiulusi tosunga chibadwa, makromozomu. Tirigu wina ali ndi tiulusi fotini, wina twente-eyiti, wina fote-thu. Wa fote-thu ndiye wa buledi, wa ngala zonenepa, amene alimi amamuthamangira. Wa fotini ndi kaudzu kakalekale ka njere zowonda zokakamira m'mankhusu, koti mlimi wanzeru zake sangakataire thukuta. Mwana woyamba, wamwamuna, anabadwa ndi thupi, ndipo bambo anamutcha Fotethu. Wachiwiri anabadwa wochepa, akulira ngati kamphaka, ndipo anakhala Fotini.

Fotethu anamaliza sukulu zake zonse n'kupeza ntchito yaikulu kutali. Fotini analowa koleji ya zaulimi kuti asangalatse bambo, koma anaisiyira panjira n'kutsegula saluni, chifukwa ndi kumene mtima wake unali. Ndiye anangowerengera yekha: mwana wa zokolola ndi uja, wa mankhusu ndi ine. Dzinalo ankaliyankha tsiku ndi tsiku, makasitomala ankalikonda, koma iye linkamubaya pang'ono nthawi zonse. Chimene ankafuna, ngakhale sakanachinena ndi pakamwa, n'chakuti bambo ake tsiku lina adzalowe pakhomo limenelo n'kuona kuti mwanayu sanatayike.

"Kyutekisi mukufuna mutani naye, bambo?"

Bambo ake anapuma mozama. "Ndi mayi ako."

Nkhani yake inali iyi. Ngakhale anali atapuma pa ntchito, anzawo akale ankawapemphabe kuwafesera tirigu m'zitini kuseri kwa nyumba. Mawa lake m'mawa galimoto inali kubwera kudzatenga wa twente-eyiti ndi wa fote-thu, ndipo kumeneko akamudula yense n'kumupera kuti amuyeze. Koma pakati pa zitinizo bambo anali atafesanso njere zomaliza za tirigu wa fotini, zimene anazisunga kuyambira ali mnyamata pa ntchito. Njerezo zinali zitakalamba, ndipo zinamera m'zitini ziwiri zokha. Zimenezo zinayenera kutsala kuti zibereke mbewu yatsopano. Dzulo lake mayi anazula timapulasitiki tonse tolembapo mayina, kutitsuka mpaka kuyera mbee, n'kusuntha zitini kuti asese bwino. Tsopano tirigu yense anali wa masamba ochepa, wobiriwira mofanana, wopanda dzina. Zitini ziwirizo zikangokwera galimoto, mbewuyo yathera pomwepo.

"Kuwerenga makromozomu kumafuna mankhwala ndi nthawi, ndipo zonsezo ndilibe," anatero bambo. "Koma tsamba silinama. Ungondipatsa kabotoloko, ndikapanga ndekha."

Fotini anayang'ana manja amene anagwira chipewa. Chipewacho chinkanjenjemera. Anali asanazindikire kuti manja a bambo ake afika pamenepo, ndipo zinamuwawa.

"Kyutekisi wanga sayenda yekha," anatero. "Amapita ndi mwini wake. Tsogolani, ndimalize zala za mayiwa."

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akuyanika zovala, nkhope itakonzekera kale mlandu.

"Usandiyang'ane choncho iwe. Timapulasitiki timene tija tinali ndi ndere, tonyansa. Munthu wamkulu, wophunzira, angalembe zinthu zofunika ndi pensulo?"

"Pensulo sifufutika ndi madzi, mayi," anatero bambo ali pakhomo la shedi.

"Ndi sitiliwulu imafufutika."

"Ndaona."

Anthu awiriwa anakangana choncho kuyambira Fotini asanabadwe, ndipo palibe tsiku limene wina anadya mnzake asanakhale pansi.

Shediyo inali ya mitengo ndi pulasitiki, yotentha, yonunkhira dothi lonyowa. Zitini zinali zitandandalikidwa pa matabwa mwaukhondo umene sunaonekepo chimangireni shediyo. Pa benchi panali makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, maikulosikopu yakale imene anzawo a kuntchito anawapatsa potsanzikana, ya kagalasi kozungulira pansi kotengera kuwala kwa dzuwa. Dzuwa likapendeka, makinawo ankagona nawonso.

Fotini anayendetsa maso pa zitinizo. Pakona panali chimodzi cha tirigu wowonda, wachikasu, wogonera kumbali. Anachiloza ndi chibwano.

"Nanga mukuvutikiranji? Fotini wanu si uyu, wofookayu?"

Ananena moseka, koma mawu anatuluka akuthwa. Bambo ake anamuyang'ana kanthawi.

"Ukuganiza choncho? Tiyambe ndi iyeyo."

Anafotokoza kachitidwe kake. Umapaka kyutekisi kunsi kwa tsamba, akauma umamatapo selotepi, n'kumatula. Kyutekisiyo amachoka ndi chidindo cha khungu la tsamba, selo lililonse m'malo mwake, pamodzi ndi timakamwa timene tsamba limapumira. Umamata pa kagalasi n'kuyang'ana. Tirigu wa makromozomu ambiri amakhala ndi maselo akuluakulu, timakamwa takenso n'tokulirapo koma totalikirana. Wa makromozomu ochepa maselo ake ndi aang'ono, timakamwa tambiri, tothithikana.

Bambo anatenga kabulashi kuti aonetse. Dzanja linavina, ndipo dontho lalikulu linagwera pa tsamba n'kuyenderera mpaka pa chala chawo chachikulu. Anayesanso, ndipo ulendo uno tsamba linapindika n'kumatirira pa malaya. Bambo anangoyang'ana dzanja lawolo ngati la munthu wina.

"Bambo," anatero Fotini mofatsa, "ntchito iyi ndi yanga."

Anakoka kampando n'kukhala. Anagoneka tsamba pa chala chake monga amagonekera chala cha kasitomala wamantha, anapukuta kabulashi pakamwa pa botolo, n'kudutsa kamodzi kokha, mopepuka, osabwereza. Podikira kuti liume anapita pa chitini chachiwiri, chachitatu, monga amachitira ndi dzanja, kuyambira chala chaching'ono mpaka chachikulu. Pobwerera pa choyamba anagusa ndi nsonga ya chikhadabo, n'kumva kuti chauma. Selotepi inamatuka ndi kachikopa kowala, kopanda thovu ngakhale limodzi.

Bambo ake anakakweza ku dzuwa, nakatembenuza.

"Hmm," anatero.

M'chinenero cha bambo amenewo, hmm anali mawu aakulu. Fotethu anawamva kamodzi kokha, tsiku limene anabweretsa digiri.

Bambo anaika kagalasi pa makina, nasuntha galasi lapansi mpaka kuwala kunalowa. Anayang'ana, kenako anaseka pang'ono m'mphuno n'kumupatsa malo. Fotini anatsinzina diso limodzi. Poyamba anangoona nsidze zake zomwe, koma atapotoza kagudumu ka pambali pa makinawo pang'ono zinthu zinaonekera: mizere ya tizipinda titalititali toyalana ngati njerwa, ndipo apa ndi apo kakamwa kotseka milomo, kakakulu, kali kokha m'bwalo lake.

"Achimwene ako awo," anatero bambo. "Fote-thu weniweni. Chitinichi chinali kuseri kwa mgolo wa madzi, dzuwa silinkafikako. Iyeyu akangosowa pang'ono amagona pansi, dziko lonse limve."

Fotini anaseka, chifukwa Fotethu akadwala chimfine ankaimbira foni abale onse.

Kuti zitini zisasokonekerenso, anatulutsa mabotolo ena m'chikwama. Chitini cha fote-thu ankachidinda kadontho kofiira, cha twente-eyiti kobiriwira. Kabotolo kagolide, kamene ankasungira akwatibwi, anakaika pambali. Mayi ake analowa ndi tiyi, naima kuyang'ana madonthowo, manja ali m'chiuno.

"Izi ndiye sindingathe kutsuka," anatero modandaula.

"N'chifukwa chake, amayi," anatero Fotini.

Ntchito inayenda. Fotini ankapaka ndi kumatula, bambo ankayang'ana n'kutchula. Fote-thu. Fote-thu. Twente-eyiti, wa maselo apakatikati, osati aakulu, osati aang'ono. Patapita nthawi diso la bambo linayamba kutuluka misozi, ndipo ankalipukuta ndi mpango pafupipafupi, mpaka anamuuza kuti aziyang'ana ndi iyeyo, iwo azingotsimikiza. Anamuonetsa kawerengedwe kake: kuona timakamwa tingati tikukwana m'bwalo lowalalo popanda kusuntha kagalasi. Fotini anakumbukira kuti zimenezi anazionapo ku koleji, koma kumeneko ankaziona ndi mantha a mayeso. Lero ankangoona kukongola kwake, ndipo anadabwa kuti tsamba wamba lingakhale lolukidwa mwaluso chonchi.

Madontho ofiira ndi obiriwira anachuluka pa matabwa. Kabotolo kagolide kanali kasanatsegulidwe. Dzuwa linayamba kutsetsereka, ndipo anakoka benchi kupita nayo pakhomo kuti alitsatire. Bambo analeka nthabwala. Anakhala pa chidebe chovundikira, zigongono pa mawondo.

"Mwina ndinasokoneza ndine," anatero. "Mwina sizinamere n'komwe, ndinangoona zimene ndinkafuna kuona. Ukalamba umatero."

Mayi, amene anali ataima panja ngati akuchotsa zovala pa chingwe, anasiya kugwedeza nsalu. Fotini anaona nkhope yawo kudzera m'pulasitiki, ndipo anadziwa kuti mayi akewo sanagone bwino ndi nkhaniyi, kaya akamwa ankanena zotani.

Zitini zinatsala zowerengeka. Anatenga china cha pakati pa mzere wakumbuyo, chimene sanachiganizirepo n'komwe. Tirigu wake anali wa masamba opyapyala koma obiriwira kwambiri, oima chilili, ndipo patsinde anali atayamba kale kutulutsa ana. Anapaka, anadikira, anamatula. Ataika diso anaganiza kuti wapotoza kagudumu molakwika, chifukwa zonse zinachepa. Njerwa zija zinali zing'onozing'ono, zopanikizana, ndipo timakamwa tinali mbwee, mzere pamwamba pa mzere, moti anasokonezeka powerenga.

"Bambo," anatero osachotsa diso. "Tabwerani."

Bambo anadzuka pa chidebe mofulumira kuposa msinkhu wawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo linali pa benchi, likunjenjemera, ndipo Fotini analigwira osaganiza.

"Ndi iyeyu," anatero.

Chachiwiri chinapezeka pafupi pomwepo. Mayi analowa, anayang'ana zitini ziwirizo, nanena kuti iwo ankadziwa kale kuti sizinapite kulikonse, kenako anatuluka msangamsanga akupukuta m'maso ndi pilokesi imene inali m'manja. Fotini anatsegula kabotolo kagolide. Podinda kadontho koyamba anamva kuti ngati sanena lero sadzanenanso.

"Bambo, ine dzina limeneli lakhala likundiwawa."

"Dzina liti?"

"Langa. Ndinkati munanditcha tirigu wosalimidwa. Wa njere zochepa, wa mankhusu. Ndipo nditasiya koleji ndinati basi, dzina lakwanira."

Bambo ake anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango wonyowa ndi misozi ya maikulosikopu, zimene zinangowadetsa kwambiri.

"Taonanso m'makinamo," anatero.

Anaona.

"Tsamba la fote-thu ndi lalikulu, inde, ndipo amabereka zambiri. Koma ukadula kachidutswa kofanana, kake ndi ka uyu, ka uyu kamagwira ntchito kuposa. Maselo ang'onoang'onowo mpweya umawalowa msanga, palibe limene limakhala chogona. Ukamubzala pa dothi loti ena akana, amamera. Matenda ogwetsa anzake iye amangowayang'ana. Iwe unabadwa masiku asanakwane, wokwana m'dzanja langa ili, anamwino akuyankhula motsitsa mawu. Koma unkapuma, mwana iwe. Chifuwa chonse chinkagwira ntchito. Ndinaima pa galasi la chipinda cha makanda kuchipatala n'kunena kuti uyu ndi fotini, safa." Anavala magalasi aja. "Komanso ndi wamakani. Njere yake kuti ichoke m'mankhusu umachita kumenyana nayo. Pamenepo ndiye sindinalakwitse ngakhale pang'ono."

Fotini anadinda kadontho kachiwiri.

"Nanga bwanji simulowa mu saluni mwanga?"

"Ndinakwiya," anatero bambo mosabisa. "Manja ngati akowa sindinawaonepo pa ntchito yanga yonse, ndipo ndinkafuna akhale pafupi ndi ine, pa benchi ngati iyi. Utapita nawo kwina ndinachita nsanje. Mkwiyo utatha panatsala manyazi, ndipo manyazi ndiye amakhalitsa."

Fotini analira pang'ono, mwakachetechete, ndipo bambo ake, amene sankadziwa chochita ndi munthu wolira, anamupatsa mpango wonyowa uja. Kenako anamaliza zitini zotsalazo dzuwa lisanalowe, chifukwa ntchito ndi ntchito.

Mawa lake Fotini anatsegula saluni monga mwa masiku onse. Wa nsalu anabweranso, akuti chikhadabo chimodzi chakandika, ngakhale aliyense ankaona kuti wabwera kudzamva mathero a nkhani ya madala ofuna kyutekisi. Fotini anali atangoyamba kumupala pamene m'galasi munaoneka chipewa.

Bambo ake anaima pakhomo atanyamula chitini ndi manja awiri, kadontho kagolide kakuwala pambali pake. Galimoto inali itanyamula zake n'kupita. Nsapato zawo lero zinalidi ndi matope, a m'shedi, mpaka m'zingwe. Anayang'ana matailosi oyera a mwana wawo, nayang'ana nsapatozo, kenako analowa.

"Mbewu zotsala ziwiri sizisungidwa m'nyumba imodzi," anatero. "Kwathu kuja kuli mayi ako ndi sitiliwulu. Windo lako ili limalowa dzuwa la m'mawa, ndakhala ndikuliona ndikamadutsa."

"Mumaliona? Si paja mumayang'ana mitengo?"

"Munthu ali ndi maso awiri."

Anaika chitinicho pawindo, pakati pa mabotolo a kyutekisi ndi chowumitsira tsitsi, nachitembenuza kuti masamba ayang'ane kunja. Anamuuza kuti azithirira pang'ono, osati ngati akutsuka mutu wa kasitomala, ndiponso kuti iwo azibwera kudzachiona, chifukwa tirigu ameneyu amafuna diso.

Wa nsalu anatambasula khosi. "Koma madala, udzu umenewu ndi wa chiyani? Ndi mankhwala?"

Bambo anamuyang'ana monga ankayang'anira ophunzira atsopano. Anafunafuna pokhala, napeza mpando wozungulira wa makasitomala, nakhalapo mosamala, chipewa pa bondo. Chala chawo chachikulu chinali chikuwalabe ndi kyutekisi wa dzulo.

"Mayi, ameneyu ndi fotini," anatero. "Mwa onse amene ndinagwira nawo ntchito, ndi amene sindinalole kuti anditayike."

Fotini anaweramira pa chikhadabo cha wa nsalu, koma kwa kanthawi sanathe kuchiona bwino. Matope a pa matailosi anawasiya mpaka madzulo.